Kamera imodzi, manambala awiri: za sensa ndi mamilimita a lenzi

M'chaka cha 2018 kampani ya Nikon idatulutsa kamera yotchedwa Coolpix P1000, ndipo chomwe chidakopa anthu chidali nambala imodzi yokha: 3000mm. Kwa munthu wozolowera makamera, nambala imeneyi ndi yododometsa. Zimalenzi zija timaziona m'mbali mwa bwalo pa mpira wa ku Ulaya, zofuna kuchirikiza ndi ndodo pojambula, zambiri zimakhala za 400mm kapena 600mm, ndipo mtengo wake munthu atha kugulira galimoto. Nanga 3000mm ikwana bwanji m'kamera yosafika n'komwe makilogalamu awiri, yomwe mwini wake amangoikoleka m'khosi?

Mukaitembenuza kamerayo n'kuwerenga timalemba ta pakamwa pa lenzi yake, mupeza nambala ina: 4.3-539mm. Nambala imeneyi ndiyo ya lenziyo. Ya 3000 ija ndi yofanizira chabe, ikunena za kamera ina, yomwe siili m'manja mwanu. Nikon sidaname, koma sikuti aliyense wogula amadziwa chomwe akuuzidwa. Mchitidwe womwewu uli pa foni iliyonse: wopanga amalengeza kuti kamera yake ndi ya 26mm, pamene kalenzi kali m'katimo ndi ka mamilimita 4, 5 kapena 6.

Tiyambe ndi nambala yeniyeniyo, yomwe ojambula amaitchula kuti focal length. Amene adatenthako pepala padzuwa ndi galasi lokulitsa zinthu adaiyeza kale osadziwa. Galasi lija umalisendeza, kulikweza, kulitsitsa, mpaka kuwala kwa dzuwa kusonkhane pa kadontho kamodzi, utsi n'kuyamba kufuka. Mtunda wochoka pa galasi kufika pa kadonthoko ndiwo focal length. Malenzi a masiku ano ali ndi magalasi ambiri osanjikizana, ena mpaka 15 kapena 20, kotero kuti simungauyeze mtundawo ndi rula kuchokera kunja, koma ganizo lake silidasinthe. Mtundawo ukatalika, chithunzi chomwe lenzi ikuponya kumbuyo kwake chimakula. Ukafupika, chimachepa.

Nachi chitsanzo chomwe aliyense atha kuchiwerengera. Pumbwa wa masentimita 20 watera pa nthambi, mamita 20 kuchokera pomwe mwaima. Lenzi ya 50mm iponya kumbuyo kwake chithunzi cha pumbwayo chotalika theka la milimita. Ya 400mm iponya chotalika mamilimita 4. Muiike pa kamera yodula kapena yotchipa, ya filimu kapena ya makono, pumbwayo akhalabe wa mamilimita 4. Lenzi sidziwa chomwe chili kumbuyo kwake, ndipo ilibe nacho ntchito.

Chili kumbuyokocho ndi sensa, kachipangizo kathyathyathya komwe kadalowa m'malo mwa filimu. Lenzi iliyonse imaponya chithunzi chozungulira, ndipo sensa, pokhala ya ngodya zinayi, imangowakha gawo la pakati. Zili ngati oonetsa kanema akafika m'mudzi madzulo n'kupachika nsalu: makina awo akuponya chithunzi chomwecho, koma nsalu yaikulu ichiwakha chonse, pamene yaing'ono iwakha cha pakati pokha, zotsalazo n'kugwera mumdima. Nkhope ya munthu wa m'kanemayo sidakule. Ikungodzaza nsalu chifukwa nsaluyo ndi yochepa.

Tibwerere kwa pumbwa wathu wa mamilimita 4. Pa sensa ya msinkhu wa mamilimita 24, iye atenga gawo limodzi mwa magawo 6 a chithunzi, kwina konseko masamba ndi thambo. Pa sensa ya mamilimita 15.6, atenga pafupifupi gawo limodzi mwa anayi. Pa ya mamilimita 13, pafupifupi limodzi mwa atatu. Pa kasensa konga ka m'kati mwa P1000, ka mamilimita 4.55, pumbwayo atsala pang'ono kudzaza chithunzi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ndiye mukaziika zithunzi zinayizi pa kompyuta imodzi, zonse pa saizi yofanana, diso likuuzani kuti kamera yomalizayo "imakoka" kwambiri. Chonsecho lenzi idali imodzi.

Funso ndi lakuti: pofanizirapo, n'chifukwa chiyani aliyense amaloza ku saizi imodzi, ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi? Yankho lili ku Wetzlar, m'dziko la Germany. Kumeneko, pa kampani ya Ernst Leitz yopanga maikulosikopu, kudali mmisiri dzina lake Oskar Barnack. Ankakonda kujambula koma ankadwala mphumu, ndipo makamera a nthawiyo adali zimabokosi zolemera, zoyendera limodzi ndi miyendo itatu ndi magalasi ojambulirapo. Cha m'ma 1913 ndi 1914 Barnack adapanga kakamera kokwana m'thumba la jekete, kogwiritsa ntchito filimu ya 35mm yomwe opanga kanema ankajambulira. Pa kanema filimuyo inkayenda choimirira, ndipo chithunzi chilichonse chidali cha mamilimita 24 ndi 18. Barnack adaigoneka filimuyo cham'mbali n'kuphatikiza malo a zithunzi ziwiri kukhala chimodzi: 36 ndi 24. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idachedwetsa zinthu, ndipo kamerayo idalowa pa msika mu 1925 ndi dzina lakuti Leica, ili ndi lenzi ya 50mm yomwe adakonza Max Berek. Mu 1934 Kodak idayamba kugulitsa filimuyo m'timakatiriji tongolowetsa m'kamera, ndipo basi, saizi ya Barnack idafalikira dziko lonse.

Kwa zaka zoposa 60, atolankhani, alendo oona malo ndi ojambula a pa maukwati adaphunzira kuona dziko kudzera pa saizi imeneyo. Manambala adawalowa m'magazi. Ukati 28mm, aliyense ankadziwa kuti chipinda chonse chilowa. Ukati 85mm, ndi ya nkhope. Ukati 300mm, ndi ya mpira ndi nyama za kutchire. Ndi ochepa ankaganiza kuti matanthauzo amenewa adadalira filimu ya kumbuyoko, popeza filimuyo idali imodzimodzi kwa ambiri a iwo.

Makamera a digito ndiwo adasokoneza mgwirizanowu. Sensa imapangidwa ngati tchipi cha kompyuta, pa mbale yopyapyala ya silikoni yomwe amaiduladula. Sensa ikakula, pa mbale imodzi pamatuluka zochepa, ndiponso kachilema kamodzi kokha kamatayitsa chidutswa chachikulu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kupanga sensa ya saizi ya Barnack kudali kodula koopsa. Nikon D1 ya mu 1999, yomwe idakopa atolankhani ambiri kusiya filimu, idabwera ndi sensa ya pafupifupi mamilimita 24 ndi 16. Canon D30 ya mu 2000 idali ndi yocheperapo pang'ono. Saiziyi idatchedwa APS-C, dzina lobwereka ku mtundu wa filimu womwe udatuluka mu 1996 n'kufa msanga. Ojambula adatenga malenzi awo akale n'kuwamanga pa makamera atsopanowa, ndipo adadabwa: 28mm yomwe inkameza chipinda chonse tsopano ikusiya anthu kunja.

Apa ndi pomwe padabadwira nambala yotchedwa crop factor. Kawerengedwe kake n'kosavuta. Mukayeza filimu ya Barnack mopingasa, kuchokera pa ngodya ina kukafika pa ngodya yoyang'anana nayo, mupeza mamilimita 43.3. Yezani sensa yanu chimodzimodzi, kenaka gawani 43.3 ndi nambala mwapezayo. Pa APS-C ya Nikon, Sony, Fujifilm ndi Pentax yankho ndi 1.5. Pa ya Canon ndi 1.6. Pa Four Thirds, yomwe idayamba ndi Olympus E-1 mu 2003 n'kusanduka Micro Four Thirds mu 2008 Olympus itagwirizana ndi Panasonic, yankho ndi 2. Pa kasensa ka P1000 ndi pafupifupi 5.6. Chulukitsani 539 ndi 5.6, muona komwe 3000 ija idachokera. Tanthauzo lake ndi ili: kuti muone kagawo kochepa chomwechi pa kamera ya saizi ya Barnack, mukadafuna lenzi ya 3000mm.

Saizi ya Barnack idabweranso pambuyo pake, pa Contax N Digital ndi Canon EOS-1Ds mu 2002, kenaka Canon 5D mu 2005, yomwe mtengo wake udayamba kufikirika, ndi Nikon D3 mu 2007. Amalonda adaipatsa dzina lakuti full frame, ndipo kuyambira pamenepo mwini kamera ya APS-C wakhala akumva ngati adagula chinthu chopereweza. Ine ndimaona kuti maganizo amenewa adyetsa anthu ambiri ndalama pachabe, ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Koma poyamba tione komwe masamuwa amaluma zenizeni.

Mnyamata wayamba ntchito yojambula pa maukwati ndi pa zinkhoswe. Wagula Canon yogwiritsidwapo kale ntchito, ya APS-C monga zimakhalira zambiri zotsika mtengo, ndipo anzake amuuza kuti asachedwe, agule 50mm f/1.8, lenzi yotchipa koma yakuthwa. Pojambula mkwatibwi payekha, lenziyo imugwirira ntchito yokoma, chifukwa pa kamera yakeyo ikuona ngati 80mm, yomwe ndi ya nkhope ndithu. Vuto libwera pamene mwini mwambo alengeza kuti akuchikazi onse abwere kutsogolo. Ataima mamita 5 kuchokera pa gululo, wa full frame ndi 50mm yomweyo alowetsa mzere wa anthu wotalika mamita 3.6. Mnyamata wathu alowetsa mamita 2.2 okha. Kuti apeze 3.6 ayenera kubwerera m'mbuyo mpaka mamita 8, ndipo m'holo yodzaza, pa mamita 8 pali kale mipando, azakhali atakhalapo. Lenzi yomwe akadayenera kuuzidwa ndi ya 30mm kapena 35mm. Nikon idazindikira zimenezi n'kutulutsa 35mm f/1.8 ya makamera ake a sensa yaing'ono mu 2009. N'chifukwa chakenso lenzi yobwera ndi makamera otere imakhala 18-55mm: pa Canon imaona ngati 29-88mm, pa Nikon ngati 27-82mm, zomwe ndi zumu wamba ya masiku a filimu itavala manambala ena.

Mbali inayi, wojambula mpira pa Bingu National Stadium kapena mbalame ku Liwonde amapindula. Lenzi ya 300mm pa APS-C imamupatsa kagawo ka 450mm kapena 480mm, popanda kunyamula kapena kulipira chilenzi cha msinkhu umenewo. Pa Micro Four Thirds, 300mm yomweyo iona ngati 600mm. Phindu lake ndi lenileni, komabe tisalikuze. Wa full frame atha kujambula ndi 300mm yomweyo n'kudula chithunzi pa kompyuta, kagawo kotsalako n'kufanana ndendende. Kusiyana kuli pa kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi. Kamera ya full frame ya mamegapikiseli 24 ikadulidwa kufika pa saizi ya APS-C imatsala ndi pafupifupi 10, pamene ya APS-C ya mamegapikiseli 24 yaunjika onse 24 pa kagawo komweko. Chomwe chimakoka mbalame si kuchepa kwa sensa pakokha, koma kuthinana kwa timadontho take, ndiponso ngati lenziyo ili yakuthwa mokwanira kutidyetsa tonse.

Pa mafoni nkhaniyi imafika pachimake. Foni ndi yopyapyala, ndiye lenzi yake siyingatalike. Lenzi yaifupi chomwecho ikadakhala kutsogolo kwa sensa yaikulu ikadayenera kumeza dziko lonse la kutsogolo kwanu, koma kasensa kakang'ono kamawakha gawo loyenera, n'kutuluka chithunzi chonga cha 26mm. Opanga mafoni salemba kukula kwa masensawa m'mamilimita. Amalemba manambala achilendo monga 1/2.55 kapena 1/1.3 ya inchi, ndipo ena amanyadira sensa ya inchi imodzi. Inchi ndi mamilimita 25.4, koma sensa ya "inchi imodzi", monga ya m'kamera ya Sony RX100 ya mu 2012, ndi ya mamilimita 13.2 ndi 8.8, ndipo mopingasa sifika n'komwe 16. Kayezedwe kameneka ndi kotsalira ku makamera akale a wailesi yakanema, omwe ankajambula ndi machubu agalasi. Inchiyo idali kunenepa kwa chubu kunja kwake, pamene malo owakha kuwala m'katimo adali ochepa. Machubuwo adatha kalekale, koma manambala ake akugulitsabe mafoni.

Pali chinanso chomwe sensa imasintha, chomwe makasitomala amachiona msanga ngakhale sadziwa dzina lake: chimbuuzi cha kumbuyo kwa munthu, chija chimapangitsa mkwatibwi kuoneka ngati watuluka m'chithunzi, mitengo ndi anthu a kumbuyo atasungunuka. Chimbuuzicho chimadalira kwambiri kukula kwenikweni kwa bowo lolowera kuwala. Nambala ya f ndi chigawo chabe: focal length kugawa ndi kukula kwa bowolo. Pa 50mm f/1.8, bowo ndi la mamilimita pafupifupi 28. Pa lenzi ya foni ya 4.25mm f/1.8, bowo ndi la mamilimita 2.4. Onse alembedwa f/1.8, ndipo poyeza kuwala kogwera pa kachigawo kalikonse ka sensa ndi ofanana, kotero liwiro la shata silisintha. Koma pa chimbuuzi, foniyo ikuchita ngati 26mm yotsekedwa mpaka f/11 pa full frame, pomwe pafupifupi chilichonse chimaoneka bwinobwino. N'chifukwa chake mu 2016, pa iPhone 7 Plus, Apple idayamba kupanga chimbuuzicho ndi pulogalamu, ndipo mpaka lero mukayang'anitsitsa m'mphepete mwa tsitsi kapena mwa duku mumatha kugwira pomwe pulogalamuyo yaphonya.

Lamulo lake ndi lomwe lija: chulukitsaninso nambala ya f ndi crop factor. Lenzi ya 25mm f/1.4 pa Micro Four Thirds ipereka chithunzi chonga cha 50mm f/2.8 pa full frame. Ndiponso sensa yaikulu, pokhala ndi malo ambiri, imakolola kuwala kochuluka pa kutsegula kumodzi. Ya full frame ndi yoposa kawiri ya APS-C, pafupifupi kanayi ya Micro Four Thirds, ndi pafupifupi ka 30 ya P1000. Masana kusiyanaku sikuoneka kwenikweni. M'tchalitchi cha mababu awiri, kapena pa phwando la usiku, kumaonekera pa timachenga tomwe timadzaza m'malo akuda a chithunzi. Apa full frame ili ndi mphamvu yosatsutsika, ndipo amene amadyera ntchito za usiku ali ndi chifukwa choifunira.

Komabe sikuti saizi ya Barnack ndiyo mapeto a zonse. M'nthawi yake idali yaing'ono, ndipo akatswiri ambiri ankaiderera. Seydou Keïta, yemwe adatsegula situdiyo yake ku Bamako m'dziko la Mali mu 1948, adajambula zithunzi zake zotchuka pa filimu ya masentimita 13 ndi 18, yaikulu mwakuti sankafunika kuikulitsa potsuka. Pa kamera ya filimu ya mainchi 4 ndi 5, lenzi ya 150mm ndiyo ya tsiku ndi tsiku, yoona monga 50mm imaonera pa Leica. Pa Hasselblad, ya filimu ya masentimita 6 ndi 6, ya tsiku ndi tsiku ndi 80mm, ndipo ya 60mm yomwe idajambula pa mwezi mu 1969 idali yoona motakasukirapo. Fujifilm GFX ya masiku ano ili ndi crop factor ya 0.79, yosafika pa 1, kusonyeza kuti kwa iyo full frame ndiye yodulidwa. Nawo opanga kanema adakhala zaka zambirimbiri akujambula pa malo a filimu oyandikana kwambiri ndi APS-C, ndipo palibe adatuluka m'holo ya kanema akudandaula kuti waonetsedwa chithunzi chopereweza. 

Chimodzi chomwe sensa kapena lenzi sizisintha, ngakhale ambiri amazinamizira, ndi maonekedwe a nkhope. Mumamva anthu akuti lenzi yaifupi imakulitsa mphuno, yaitali imaphwatalitsa nkhope. Chimachita zimenezo ndi mtunda pakati pa kamera ndi munthu. Podzijambula wekha ndi foni, dzanja limafika masentimita 40 kapena 50 basi, ndipo pa mtunda umenewo mphuno ili pafupi kwambiri ndi kamera kuposa makutu, ndiye imakula. Imani mamita atatu, jambulani ndi foni yomweyo, dulani chithunzicho kutsale nkhope: mphuno ibwerera m'malo mwake. Lenzi ya 85mm imakometsa nkhope chifukwa imamukakamiza wojambula kuima patali. Ndiye 56mm pa APS-C ya Fujifilm kapena 42.5mm pa Micro Four Thirds zikakuimikani pa malo omwewo, nkhope ituluka chimodzimodzi.

Kwa wogula malenzi ogwiritsidwapo kale ntchito, pali msampha wina wofunika kuudziwa. Popeza sensa yaing'ono imangowakha pakati, opanga adayamba kupanga malenzi oponya chithunzi chochepa, chongokwana sensayo, kuti akhale opepuka ndi otchipa. Nikon imawalemba DX, Canon EF-S kapena RF-S, Sigma DC, Tamron Di II. Nambala yolembedwa pa malenzi amenewa ndi yeniyenibe, sidasinthidwe kale ayi: 35mm ya DX ndi 35mm ya full frame zimaona chimodzimodzi zikamangidwa pa kamera imodzi ya APS-C, ndipo zonse muyenera kuzichulukitsa ndi 1.5. Kusiyana kumabwera tsiku lomwe mwakwera n'kugula full frame. Lenzi ya DX imangika, koma m'ngodya mukhala mdima, kapena kamera idzidulira yokha n'kukusiyirani mamegapikiseli osafika theka. Ya EF-S siilowa n'komwe pa Canon 5D kapena 6D, adaipanga dala kuti ikane, chifukwa kumbuyo kwa malenzi ena otere kumalowa kwambiri m'kati mwakuti kalilole wa kamera atha kukuwomba. Njira inayo ilibe vuto: lenzi ya full frame imagwira bwino pa APS-C, ndipo sensayo imadya pakati, pomwe malenzi ambiri amakhala akuthwa kuposa m'mbali.

Choncho wogulitsa akakuuzani kuti lenzi iyi ndi ya 50mm, mwamva theka la nkhani. Tsegulani pakamwa pa kamera yanu, kapena fufuzani dzina lake, mudziwe ngati nambala yanu ndi 1, 1.5, 1.6 kapena 2. Kenaka ganizirani za chipinda chothina kwambiri chomwe mudzajambuliremo, ndi kutalika kwa mzere wa anthu omwe adzaime kutsogolo kwanu. Gawani kutalika kwa sensa ndi focal length, chulukitsani ndi mtunda womwe khoma lidzakulolani kubwerera m'mbuyo, ndipo mudziwiratu, ndalama zisadachoke m'thumba, ngati ankhoswe a kumapeto kwa mzere adzalowe m'chithunzi kapena ayi.